PRIMo kapena MCRA: powerengera mankhwala otsalira m'zakudya

PRIMo ndi MCRA ndi mapulogalamu a pakompyuta oyerekezera kuchuluka kwa mankhwala ophera tizilombo amene munthu amadyera m'zakudya. PRIMo, ya EFSA, bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, inapangidwa koyamba ngati fayilo ya Excel. Imachulukitsa mlingo wa mankhwala ophera tizilombo opezeka, mwachitsanzo, pa tomato, ndi kuchuluka kwa tomato amene wodya kwambiri amadya, n'kugawa ndi kulemera kwa thupi. Yankho amaliyerekeza ndi ARfD, malire a mankhwala amene munthu angadye pa tsiku limodzi popanda chiopsezo. MCRA, ya ku Netherlands, imatola mwachisawawa zimene anthu anadyadi ndi milingo ya mankhwala yopezeka ku labotale, n'kubwereza maulendo zikwizikwi.

Zofunika: PRIMo imangofuna manambala ochepa. MCRA imafuna kafukufuku wa zakudya za munthu aliyense payekha, ndipo apa m'pamene ndalama zimathera.

Zotsatira: PRIMo imapereka nambala imodzi, yokokomeza dala kuti iteteze. MCRA imaonetsa kuti mwa anthu onse ndi angati angapitirire malire, ndipo imatha kuphatikiza mankhwala angapo.

Chenjerani ndi zitsanzo za zakudya zomwe makina a ku labotale sanapezemo mankhwala. Kuziika ziro kapena theka la mlingo wochepetsetsa umene makinawo amatha kuzindikira kumasintha yankho la MCRA kwambiri.

Woyesa mankhwala amodzi mwachangu ayambe ndi PRIMo. MCRA ndi ya amene ali ndi deta yokwanira, makamaka PRIMo ikaonetsa kuti malire apitiriridwa.