Fortunate Son pa kambale ka 45: nyimbo ndi moto, koma wogulitsa anakokomeza

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu, imodzi ndachotsayo si chifukwa cha nyimbo ayi, ndi wogulitsa. Kambale ndikunenaka ndi kakang'ono kaja ka mainchesi 7, kamene amati 45 chifukwa kamazungulira maulendo 45 pa mphindi imodzi, ka gulu la Creedence Clearwater Revival, kanatuluka mu 1969 pa kampani ya Fantasy, nambala yake 634. Mbali imodzi kuli Down on the Corner, mbali inayo Fortunate Son, ndipo ine ndimasaka yachiwiriyi. Ndinaoda pa intaneti kwa munthu wina wa ku America amene amagulitsa zimbale zakale.

Iyeyu analemba kuti kali VG+, kutanthauza kuti kanagwirapo ntchito koma kosamalika bwino. Katafika ndinakapendeketsa pa windo kuti kuwala kumenye bwinobwino, ee timizere tokandika mbwee, ndiye mbali ya Down on the Corner pali mzere umodzi wozama woti ukayendetsa chikhadabo umachita kukodwa. Amene mumatolera zimbale mukudziwa kale, chimene chikhadabo chamva singano nayo imva basi. Aka ndi ka VG, mlingo wotsikirapo, osati VG+, ndipo mitengo yake imasiyana. Chikutiro choyambirira panalibenso, anangokalowetsa mu kapepala koyera wamba osanena chilichonse. Koma kulongedza kokha ndimuyamikire, anakapana ndi makatoni olimba uku ndi uku, kanafika kosapindika. Ndalama yotumizira inaposa mtengo wa kambaleko, zimenezo konzekeranitu.

China choti mudziwe musanaode, ma 45 a ku America amakhala ndi chibowo chachikulu pakati, ndiye ngati gumbagumba yanu ilibe ka adaputa kaja simuyimba, kazingoyenda mokhota. Ndipo musathamangire kuika singano yanu yabwino pa kambale koti kakhala zaka zoposa 50 kakuyenda m'manja mwa anthu. Ine ndinayamba ndatsuka ndi madzi a distilled ndi kansalu kofewa, kutsatira mizere mozungulira osanyowetsa pepala la pakati, kansaluko kanachita kuda bii. Kuthetheka kunachepa kwambiri, kwangotsala koyambirira kokha, ngati chimanga chikamayamba kupsa pa phale, ng'oma zikangolowa sukumvanso.

Tsopano kamvekedwe, apa ndiye ndalama yanga inabwerera. Ng'oma za Doug Clifford ndi bezi ya Stu Cook zimayamba zokha, kenako gitala, kenako John Fogerty kulowa ndi mawu okalipa aja ngati munthu woti zamukwana, ndipo pa kambale aka zonse zimabwera pafupi, zokakala, zopanda kusalaza. Nyimboyi siikwana n'komwe mphindi ziwiri ndi theka ndiye ili ndi mbali yonse yokha, mizere yotakasuka, mawu amphamvu. Pa foni ndaimvera kambirimbiri koma ukali uwu sindinaumvepo, moti ikatha umangodzuka kukabweza singano poyambira.

Ndipo ukaliwo uli ndi chifukwa. Mu 1969 nkhondo ya ku Vietnam inali itafika povuta, boma la America limatenga anyamata mokakamiza kupita ku usilikali, koma amene anali ku koleji amatha kuimikidwa kaye, ndiye mukudziwa amene amakwanitsa koleji anali ana a ndani. Mwana wa wantchito wamba amakwera ndege kupita kunkhalango, mwana wa bwana ali phee kusukulu. Fogerty mwini wake anakhalapo mu Army Reserve, gulu la asilikali odikirira kuitanidwa pakafunika, ndipo anafotokozapo kuti polemba amaganizira za David Eisenhower, mdzukulu wa pulezidenti wakale, amene mu 1968 anakwatira Julie mwana wa Richard Nixon, pulezidenti wa America pa nthawi imene nyimboyi imatuluka. Chimene chimandigwira mtima n'choti nyimboyi sinyoza asilikali ayi, ikulankhulira iwowo, ikuloza chala anthu amene amakweza mbendera m'mwamba n'kumafuula za kukonda dziko koma kukafa akutumiza ana a eni. N'chifukwa chake zimandipweteka ndikaimva akuiika m'mafilimu ndi m'misonkhano ngati nyimbo yotamanda nkhondo, anthu amangomva gitala osamvetsera mawu. Ukagwira kambale kamene kanasindikizidwa chaka chomwecho, n'kuganiza kuti mwina amene anakagula koyamba anali mnyamata woti akudikira kalata yomuitana, timizere tija umayamba kutiona mwina.

Ndili nachonso chimbale chachikulu cha Willy and the Poor Boys, chija pachikuto anyamatawa akuimba pa khonde la sitolo ya Duck Kee Market ku Oakland. Changa ndi chosindikizanso cha kampani ya Craft Recordings, cholemera magalamu 180, chimene anachikonzera ku situdiyo ya Abbey Road ku London mwa njira ya half-speed, yojambula mizere ya chimbale pa theka la liwiro kuti mawu amveke bwino. N'choyera zedi, kuthetheka kulibiretu, bezi imamveka yonse mpaka pansi, komanso Fortunate Son ndi yoyamba pa mbali yachiwiri, kunja kwenikweni kumene singano imawerenga bwino. Ngati mukungoyamba kumene kutolera ndipo mukufuna chomvera tsiku ndi tsiku, gulani chimenechi, mupezamonso Effigy kumapeto, nyimbo ina yolusa imene anthu saitchula kawirikawiri. Koma kunena zoona ndikafuna nyimbo imodzi yokhayi dzanja langa limapita pa kakang'ono kaja.

Kwa amene mukufuna ka 45, musakhulupirire zilembo za VG+ zokha. Muuzeni wogulitsa akutumizireni zithunzi za mbali zonse ziwiri zojambula pa kuwala, mufunseni ngati anakayesa pa singano kapena anangoyang'ana ndi maso, mufunsenso za chikutiro. Amene ali ku UK mukhoza kupeza kosindikizidwa komweko pa kampani ya Liberty n'kupulumutsa ndalama yotumizira. Wanga uja nditamulembera za mzere wozamawo anayankha mwaulemu n'kubweza kandalama pang'ono, ndiye sindikumusungira chakukhosi, koma ndikadzagulanso kwa iye zithunzi zibwere kaye.