Anatipatsa makumba pamtengo wa chambo: nkhomaliro ya Lamulungu m'tauni ya Blantyre

Ndikupereka nyenyezi zitatu, ndipo zonse zitatuzo ndi za amayi ophika. Zikanakhala za mnyamata amene anatiperekera chakudya, sindikanapereka ngakhale imodzi.

Lamulungu lapitali tinabatiza mwana wathu wachiwiri ku St Michael and All Angels. Bambo anga anachoka kwathu ku Monkey Bay Lachisanu pa basi kudzaona mdzukulu wawo, ndiye ine ndi amuna anga tinagwirizana kuti tikatuluka m'tchalitchi tisathamangire ku Chilomoni kukayatsa mbaula. Tinati tsiku limodzi lokha ababa akadye m'tauni. Tinapita pamalo aja ali chakuseri kwa Victoria Avenue, amene ogwira ntchito m'mabanki amadzadzapo pakati pa sabata. Tinalipo anthu asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo ana awiri. Malowo ndi aukhondo, mafani akuzungulira, pamsewu poimika galimoto sipavuta Lamulungu. Pamenepo ndilibe dandaulo.

Tinakhala pansi 12:40. Menyu anabwera nayo msanga, koma theka la zolembedwapo kunalibe. Nkhuku ya lokolo yatha, nyama ya mbuzi yatha, mpunga wa Kilombero ulipo koma mudikire. Kodi Lamulungu, tsiku limene mabanja amatuluka m'matchalitchi ndi njala, ndiye tsiku loti zinthu zithe nthawi isanakwane 1 koloko? Tinafunsa ngati chambo chilipo. Mnyamatayo anayankha maso ali pafoni kuti chilipo chambirimbiri. Tinaitanitsa mbale zitatu za chambo chokazinga ndi nsima, ana tchipisi ndi nkhuku, mlamu wanga mpunga wa nyemba. Mtengo wa chambo m'tauni muno mukuudziwa nokha, mbale imodzi ndi ndalama yogulira ndiwo za masiku angapo kunyumba.

Kenako kudikira. Fanta wa ana anatha, khanda linayamba kulira ndi kutentha kwa Novembala, tebulo la anthu amene anatipeza linalandira chakudya ife tikuyang'ana. Ndinakweza dzanja katatu. Chakudya chinafika 2 koloko itadutsa, ndipo madzi osamba m'manja tinachita kukumbutsa.

Koma zonsezo ndikanaiwala. Chimene chandilembetsa ndi ichi.

Bambo anga ndi msodzi wopuma. Akoka makoka kuyambira ali mnyamata mpaka mawondo atayamba kuwavuta. Mbale itafika patsogolo pawo anasamba m'manja, anapemphera, kenako anangoiyang'ana nsombayo osaigwira. Anaitembenuza ndi chala, n'kutambasula chipsepse chakumunsi chija chili pafupi ndi mchira, n'kuyamba kuwerenga minga yake pang'onopang'ono. Imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi. Anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti, “Mwananga, awa ndi makumba. Chambo chimakhala ndi minga itatu pano.” Anawonjezera kuti mwezi uno nyanja ndi yotseka kuti nsomba ziswane, ndiye iwo anadabwa kale pamene mnyamata uja ananena kuti chambo chilipo chambirimbiri.

Makumba si nsomba yoipa. Ambiri takula nawo, ndipo ndi amene alimi amaweta m'madamu ku Zomba ndi ku Mulanje. Akanatiuza kuti lero kuli makumba tikanaitanitsa omwewo mosangalala. Koma kundilipiritsa chambo n'kundipatsa nsomba ina, poganiza kuti ikakazingidwa palibe angaizindikire, kumeneko ndi kuba.

Ndinamuitana mnyamatayo mwaulemu. Ndinati, “Achimwene, taonani nsombayi, bambo akuti si chambo.” Iye anaseka, n'kuyang'ana bambo anga kuyambira ku jekete lawo lakale mpaka kunsapato, n'kunena kuti, “Madala, chambo ndi chambo basi. Kuno ndi kutauni, tangodyani.” Mawu amenewo akundiwawabe mpaka lero. Munthu wa zaka zoposa 70, amene anatiphunzitsa sukulu tonse asanu ndi ndalama za nsomba, kumuuza choncho pamaso pa mkamwini wake ndi adzukulu! Ababa sanayankhe. Anangokankhira mbale patsogolo pang'ono n'kupinda manja. Ine manyazi ndi mkwiyo zinandigwira pamodzi, misozi ili m'maso. Amuna anga anaimirira n'kufunsa bwana wa pamalopo, akuti Lamulungu sabwera.

Tinali titayamba kale kusonkhanitsa zikwama pamene kukhitchini kunatuluka mayi wachikulire, duku kumutu, epuloni yonyowa ndi thukuta. Zikuoneka kuti anamva phokoso. Sanabwere kwa ine kapena kwa amuna anga. Analunjika kwa ababa, ananyonyomala pambali pa mpando wawo, n'kuomba m'manja. Anati, “Bambo, mwanena zoona, ndi makumba. Chambo sitinalandire sabata ino. Ine ndinawauza anyamatawa m'mawa kuti aziwauza makasitomala. Mutikhululukire.” Sanazungulire, sananamizire wina wa kumsika. Ababa anawafunsa kwawo, ndipo atamva kuti ndi a ku Malindi, tsidya lina la nyanja yomweyo, nkhope yawo inamasuka. Anayamba kufunsana za mitengo ya usipa ndi za mwera wa chaka chino ngati anthu odziwana kale.

Amayiwo anatipempha mphindi khumi ndi zisanu, ndipo anasungadi nthawiyo. Anachotsa nsima yozizira ija n'kubweretsa ina yotentha, ya ufa woyera, yofewa bwino, mitanda yake yosalala ngati yakunyumba. Nsomba ya ababa anaibweza kukhitchini n'kuiphika ndi tomato ndi anyezi, poona kuti yokazinga youma ingawavute kutafuna. Ine mwana wawo sindinaganizeko zimenezo. Anawonjezera nkhwani wotendera ndi kambale ka tsabola wa kambuzi wosinja. Nkhwaniwo ndiye ndiusimbe: nsinjiro zokwanira, wosapsereza, masamba ake osendedwa bwino opanda ulusi ndi umodzi womwe. Ababa anadya mitanda itatu n'kupukuta msuzi wonse ndi mbamu yomaliza. Tchipisi cha ana chinali chamafuta ambiri, nkhuku yake yabwinobwino. Mlamu wanga akuti mpunga unali Kilombero weniweni, fungo lake linkamveka.

Pabilu anatichotsera, tinalipira mtengo wa makumba. Koma ngakhale pamenepo mnyamata uja anabweretsa bilu yoyamba ili ndi mtengo wa chambo, mpaka amayi aja anachita kutulukanso kudzamuuza. Kupepesa sanapepese. Makina a khadi akuti netiweki inalibe, tinalipira pa Airtel Money, ndiye mukamapita konzekerani zimenezo.

Eni malowa, ngati mumawerenga ndemangazi: bwerani Lamulungu limodzi mudzaone mmene anyamata anu amalankhulira ndi anthu akuluakulu ovala zakumudzi. Lembani pabolodi zimene zilipo tsikulo ndi dzina lenileni la nsomba. Ndipo amayi a kukhitchini aja muwasamale, chifukwa ndi amene anatibweza pakhomo tikutuluka.

Kubwereranso ndidzabwerera, koma pakati pa sabata, ndipo ndidzafunsa kaye kukhitchini ndisanaitanitse nsomba. Ababa anakwera basi ku Wenela Lachiwiri m'mawa. Tikudikira kuti idzadze anandiuza kuti nyanja ikatsegulidwa adzatumiza chambo chenicheni, zinayi zathu, ziwiri ndikawapatse amayi a ku Malindi aja.