Makalasi a Chifalansa ku Matawale: ndinapita ku Rocamadour ndili pa benchi

Kwa miyezi iwiri tsopano ndakhala ndikuphunzira Chifalansa Loweruka lililonse kwa mayi ena ku Matawale. Ndinkayembekezera kuloweza galamala basi, koma mayiwa amaphunzitsa pogwiritsa ntchito kamzinda kamodzi ka ku France kotchedwa Rocamadour, ndipo njira imeneyi yandigwira mtima.

Tsiku loyamba anatambasula mapu ong'ambika m'mbali ndi kutilozera chigawo cha Lot. Kamzindako kanamangidwa pathanthwe, pamwamba pa chigwa cha mtsinje wa Alzou, nyumba ndi matchalitchi zitasanjikizana ngati mbale pa thandala. Anthu ake ndi pafupifupi 600 okha, moti msika wa Zomba Loweruka umawaposa. Manambala tinawaphunzira powerenga masitepe 216 amene apaulendo wachipembedzo amakwera kukaona chifanizo chakuda cha Maria. Kale ena ankakwera chogwada. Ine ndikangoyenda wapansi kupita ku Ku Chawe mawondo amalira, ndiye chogwada ndingafike? Anatiuzanso kuti mu 1166 anapezako mtembo wosawola umene anati ndi wa Amadour woyera, ndiponso kuti tchizi cha mkaka wa mbuzi cha kumeneko n'chotchuka.

Chodandaula changa ndi chipinda. N'chopanikiza, mabenchi ndi a ana, ndipo magetsi akazima kanema wa pa laputopu amathera pomwepo. Nthawinso sasunga: kawiri konse tawadikira theka la ola. Komabe mwezi wamawa ndalipira kale, ndipo mlamu wanga ndamukoka.