Kafoni ka mabatani: kamachotsa phokoso, koma mafano amadziwa njira zina

Ndinagula kafoni ka mabatani pa sitolo ina ku Limbe, timafoni tija tolowa ma sim awiri, tokhala ndi tochi ndi wailesi. Foni yanga yaikulu sinawonongeke ayi, ndinangoitsekera m'kabati dala. M'mawa dzanja linkafika pa foniyo maso asanatseguke bwino, pemphero n'kubwera pambuyo ngati nthawi yatsalako. Abusa athu atalalikira pa Ezekieli 14, pomwe akulu a Israele anakhala pamaso pa mneneri koma Mulungu n'kunena kuti anthuwa aimika mafano m'mitima mwawo, ndinaona kuti nkhani ya mafano si ya ziboliboli zokha.

Batire la kafonika ndiye lokondweretsa. Ukatchaja kamodzi umaiwala komwe unaika tchaja, ndipo magetsi akazima tochi yake imakwanira kuwerengera Baibulo kapena kufunira machesi. Wailesi imagwira bwino, kungoti mpaka ulowetse ma earphone, chifukwa chingwecho ndiye mlongoti wake. Ndimamvera Trans World Radio ndikamachapa, ndipo mnzanga wachikatolika amene timagulitsa naye kaunjika amakabwereka kuti amvere Radio Maria. Kali ndi polowetsa memory card, ndiye mwana wa achemwali anandiikiramo Baibulo lomvetsera la Chichewa pamodzi ndi nyimbo za kwaya.

Koma chimene ndinakagulira ndi zimene kalibe. Kalibe Facebook, kalibe TikTok, kalibe ma status. Simuonamo khitchini yatsopano ya mnzanu, kapena chitenje chimene wavala ku ukwati, kapena galimoto imene amuna ake agula. Paulo pa Akolose 3:5 amati kusirira ndi kupembedza mafano, ndipo kunena zoona, foni yaikulu ija inkandiphikira kusirira m'mawa, masana ndi usiku. Kakang'onoka kamangolira munthu akakufuna, basi. Madzulo kumakhala zii, mpaka ana anadabwa kuti amayi ayamba kuyankha akafunsidwa kamodzi.

Zovuta zilipo, ndipo musazipepute. Sipika yake imanjenjemera ukakweza mawu, nyimbo ya kwaya n'kumamveka ngati akuimbira m'chitini. Kulemba uthenga ndi ntchito yakalavulagaga: kuti upeze chilembo s uyenera kudina batani la 7 kanayi. Chachikulu n'chakuti kalibe WhatsApp. Gulu lathu la amayi a Mvano limalengezera pamenepo zonse, za Lachinayi, za odwala, za maliro, ndipo uthenga wina wa zovuta unandipeza mochedwa kudzera kwa neba. Makasitomala nawonso amafuna zithunzi za zovala belo likatsegulidwa. Choncho foni yaikulu ndimaitulutsa masana pa malonda, n'kuibweza m'kabati ndikafika kunyumba. Amene ntchito yanu yonse ili pa intaneti, kafoni aka sikangakhale kokha.

Pali china chimene wogulitsa sangakuuzeni. Pa kafoni aka *211# ya Airtel Money ndi *444# ya Mpamba zimayenda bwinobwino, mwinanso mofulumira kuposa pa foni yaikulu. Ma status atachoka, chala chinapeza pena podina: kuona ndalama zatsala zingati, kuonanso, kuwerengetsa za mawa, ngakhale palibe amene watumiza kanthu. Ambuye Yesu pa Mateyu 6 anati kumene kuli chuma chako mtima wako udzakhalanso komweko, ndipo anati sitingatumikire Mulungu ndi Chuma pamodzi. Mawu amenewo ananenedwa kulibe foni ya mtundu uliwonse. Ndikuuzeninso amayi anzanga amene mukuganiza zogulira bambo a kunyumba kafoni kotere kuti asiye kubetcha mpira: ndalama zimatumizikabe ndi mabatani omwewa.

Ndiye kafoni aka kamakupatsa nthawi, koma sikakuuza chochita nayo. Nthawiyo ukapanda kuipereka kwa Mulungu mwadala, ina imaitenga, kaya nkhawa ya fizi, kaya miseche ya pa mpopi. Ine ndinaika alamu ya m'bandakucha, Baibulo la pepala n'kuliika pamwamba pa kafoniko, kuti pozimitsa alamu dzanja liyambe lakhudza Baibulo. Ndikuwerenga Masalimo pang'onopang'ono, ndipo pa 27:4, pomwe Davide akupempha chinthu chimodzi chokha, ndakhalapo nthawi yaitali, chifukwa zopempha zanga ine zimadzaza tsamba.

Ndingakalimbikitse kwa aliyense amene foni yayamba kumulamulira, makamaka ngati kachiwiri kogona nako kuchipinda. Pogula musachoke pa kauntala musanayese malo onse awiri a sim, tsegulani kumbuyo muone ngati batire silinatupe, ndipo pemphani kuti ma earphone akhale m'bokosi momwemo, apo ayi wailesi ija simuimva.