Thonny imaphunzitsa bwino Python, koma deta muziiyang'anira nokha

Anthu amene ndimawathandiza kuyamba Python ambiri safuna kulemba khodi yongosindikiza mawu pa sikirini yakuda. Amafuna kapulogalamu kooneka ndi maso: zenera, mabokosi olembamo, batani loti akadina zinthu zisungike, mawa akatsegula azipeze zili pompo. Kwa anthu otere, chinthu choyamba chimene ndimawauza kuti aike pa kompyuta ndi Thonny, pulogalamu yolemberamo ndi kuyeseramo khodi ya Python. Ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake, komanso pomwe pulogalamuyi imakusiyirani panjira.

Thonny ndi yaulere. Anailemba ndi Aivar Annamaa ku University of Tartu ku Estonia, ndipo cholinga chake chinali chophunzitsira kuyambira pachiyambi. Imagwira pa Windows, macOS ndi Linux, komanso amene anagwirapo Raspberry Pi ayenera kuti anaiona chifukwa imabwera ili kale m'menemo. Kuika kwake n'kosavuta: mumatsitsa fayilo imodzi, ndipo Python imabwera limodzi nayo (Thonny 4 imabwera ndi Python 3.10). Zimenezi si zazing'ono. Anthu ambiri amagwa ulesi tsiku loyamba lomwelo, kompyuta ikuwauza kuti sikuidziwa `python` pomwe angoiika kumene, asanalembe n'komwe mzere umodzi. Ndi Thonny vuto limenelo kulibe. Laputopu yanga yophunzitsira ndi yakale, ya 4 GB, koma imaitsegula mosakakamira.

Chinanso chimene chimandisangalatsa n'chakuti Thonny yeniyeniyo inalembedwa mu Python pogwiritsa ntchito Tkinter, chida cha Python chopangira mazenera ndi mabatani. Ndiye wina akandifunsa ngati Tkinter ingapange pulogalamu yeniyeni kapena ndi yoseweretsa chabe, ndimangomulozera zenera limene akulembamolo.

Chitsanzo chimene ndimakonda kuyambira nacho ndi kaundula wa mabuku obwereketsa: dzina la buku, dzina la wobwereka, tsiku lobweza, ndi mndandanda pansi pake. N'kakang'ono, koma mafunso onse a woyamba kumene amatulukira pamenepo, ndipo pafupifupi aliyense amapunthwa pa miyala imodzimodzi.

Mwala woyamba ndi uwu. Munthu amalemba `dzina = Entry(zenera).grid(row=0, column=1)`, bokosi n'kuonekadi pa zenera, iye n'kusangalala. Akadina batani, pansi pamatuluka mawu ofiira akuti `'NoneType' object has no attribute 'get'`. Mukhoza kumufotokozera mpaka pakamwa kuuma kuti `grid` sibweza kalikonse, choncho `dzina` sinagwire bokosilo. Amagwedeza mutu koma mukuona kuti sizinalowe. Mu Thonny sindifotokozanso. Ndimatsegula View, kenako Variables, ndipo kumanja kumaoneka ndandanda ya ma variable onse ndi zimene agwira. Pa `dzina` palembedwa `None`. Basi, nkhani yatha, amagawa yekha mzerewo pawiri.

Koma mtima wa Thonny uli pa debugger yake, chida choyendetsa khodi pang'onopang'ono kuti muone pomwe yalakwika, ndipo apa ndichedwapo. Mukadina Ctrl+F5, pulogalamu siithamanga, imaima pa mzere woyamba kudikira inu. F6 imachita mzere wonse nthawi imodzi, pamene F7 imalowa m'kati. Ma debugger ambiri amayenda mzere ndi mzere, koma iyi imalowa mpaka m'tizidutswa ta mzere umodzi. Mukakhala ndi `masiku * chindapusa + 2`, imayamba yaika kabokosi pa `masiku` n'kuchotsa dzinalo, n'kuikapo nambala yake. Kenako `chindapusa` chimodzimodzi. Kenako imachulukitsa, n'kuika yankho pamalo pomwepo, n'kumaliza ndi kuphatikiza. Mumaona ndi maso dongosolo limene Python imatsata powerengera. Ikafika poitana function, imatsegula kazenera kena kakang'ono kokhala ndi khodi ya function imeneyo ndi ma variable ake okha, ndipo function ikatha kazenerako kamatsekeka. Funso lija lakuti "bwanji variable yanga sikuoneka kunja kwa function?" limayankhika lokha, chifukwa munthu waiona ikupita limodzi ndi kazenera kake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo F7 imafunadi munthu wodekha. Amene amangodina mothamanga saonapo kanthu.

Debugger yomweyi imagwiranso mwala wachiwiri, wa `command=sunga()` m'malo mwa `command=sunga`. Wophunzira amadandaula kuti batani lake silikugwira ntchito, komanso kuti uthenga woti "zasungidwa" ukutuluka iye asanadine chilichonse. Mukayenda naye ndi F7, amaona khodi ikulowa mu `sunga` zenera lisanaoneke n'komwe. Timabulaketi tiwiri tija tikutanthauza "chita pompano", pomwe batani limangofuna dzina la function kuti lidzaiitane nthawi yake ikakwana.

Pali malire ake. Pulogalamu ya zenera ikafika pa `mainloop()`, imangokhala kudikira kuti munthu adine kanthu, ndiye kuyenda pang'onopang'ono kuja kumathera pamenepo. Njira yake ndi kuika breakpoint m'kati mwa function imene batani limaitana, kuti khodi idzaime mukadina. Komanso debugger yoonetsa zonseyi imachedwa khodi ikakula. Ilipo ina yofulumira ya Shift+F5, koma imeneyo imayenda mzere ndi mzere ngati ena onse. Ndimauzanso aliyense kuti diso lina lizikhala pa Shell, gawo la pansi lija. Cholakwika chikachitika m'kati mwa batani, zenera silitsekeka ayi, limangokhala ngati palibe chachitika, pomwe pansi palembedwa `Exception in Tkinter callback` ndi nambala ya mzere wolakwika. Zenera likauma chifukwa munthu waika `time.sleep` kapena `while True` (mankhwala ake ndi `after`), batani lofiira la Stop limakuwombolani popanda kuzimitsa kompyuta.

Kuli gawo lina lotchedwa Assistant limene limayesa kulongosola zolakwika ndi kupereka malangizo. Nthawi zina limalasa, makamaka dzina likalembedwa molakwika kapena bulaketi ikasiyidwa yosatseka. Nthawi zina limalankhula zambiri mpaka woyamba kumene kuchita mantha ndi machenjezo osafunika kwenikweni. Ine ndimalisiya kwa masabata oyambirira, kenako ndimalitseka.

Tsopano za deta, komwe maganizo anga pa Thonny amagawikana.

Poyamba imathandiza ndithu. Chilichonse chochokera mu `Entry` chimabwera ngati mawu, ngakhale mutalembamo nambala. Ndiye 5 kuphatikiza 3 imatuluka 53, munthu n'kumakanda mutu. Mu Variables amaona `'5'` ili ndi timakoteshoni, n'kumvetsa chifukwa chake `int()` ikufunika. Mu Shell mukhozanso kuyesa tinthu mwachangu. Ndimakonda kulembetsa anthu `0.1 + 0.2` kuti aone 0.30000000000000004 ndi maso awo asanaganize zosunga ndalama ngati float.

Koma funso lalikulu limakhala lakuti, ndisunge kuti? Yankho langa pafupifupi nthawi zonse ndi SQLite, chida chosungira deta m'matebulo. Anaiyamba ndi D. Richard Hipp mu 2000, sifuna seva, deta yonse imakhala mu fayilo imodzi, ndipo `sqlite3` imabwera kale ndi Python moti palibe chotsitsa. Vuto n'lakuti Thonny ilibe poonera za m'kati mwa fayilo imeneyo. Pulogalamu imene yakuonetsani kachidutswa kalikonse ka khodi, ikafika pa tebulo lanu imakhala chete. Wophunzira akaiwala `commit()`, lamulo lotsimikiza kuti zolembedwa zisungikedi mu fayilo, palibe mawu ofiira, palibe chenjezo. Mabuku amaoneka pa mndandanda bwinobwino, koma akatseka n'kutsegulanso, mbee, kulibe chilichonse. Ichi n'chifukwa chake sindipatsa munthu Thonny yokha. Pambali pake pazikhala DB Browser for SQLite, yaulerenso, imene imatsegula fayilo ija n'kuonetsa matebulo ngati mu Excel. Chenjezo limodzi: mukasintha kanthu m'menemo musaiwale kudina Write Changes. Mukapanda kutero fayilo imakhala yogwidwa, ndipo khodi yanu ikafuna kulemba imadikira masekondi 5 kenako n'kunena kuti `database is locked`.

Zina Thonny singakuuzeni chifukwa kwa Python si zolakwika mpaka tsiku limene zidzaphulike. Oyamba kumene amakonda kumata mawu a m'bokosi mwachindunji mu SQL, chinenero cholankhulira ndi SQLite. Zimayenda mpaka wina atalemba mutu wa buku wokhala ndi mawu ngati ng'oma. Kachizindikiro kapakati pa g ndi o kamatseka mawu a SQL pakatikati, pulogalamu n'kugwa. Ife olemba m'chinenero chino timakumana nazo msanga kuposa ena, ndipo mwina ndi mwayi, chifukwa khomo lomwelo ndi limene anthu oipa amalowera pochita SQL injection, kutanthauza kulowetsa malamulo awo a SQL kudzera m'bokosi lolembamo. Gwiritsani ntchito `?` n'kupereka mawuwo padera. Ndipo ngati chinthucho n'chimodzi, kumbukirani kakoma mu `(dzina,)`. Mukakasiya, Python imawerenga chilembo chilichonse ngati chinthu pachokha n'kudandaula za `Incorrect number of bindings supplied`.

Amene amasankha CSV kuti azitsegula mu Excel ali ndi zawo. Potsegula fayilo yolembamo muziika `newline=''`, apo ayi pa Windows mupeza mizere yopanda kanthu pakati pa mizere yanu. Muziikanso `encoding='utf-8'`, chifukwa chilembo ngati ŵ mulibe mu cp1252 imene makompyuta ambiri a Windows amayambira, ndipo kulemba kumalephereka ndi `UnicodeEncodeError`. Nambala ya foni si nambala yowerengera, isungeni ngati mawu, ngakhale Excel ikatsegula CSV imadyabe ziro wakutsogolo pokhapokha mutaiuza kuti gawolo ndi la mawu. Masiku alembeni kuyambira chaka, mwezi, kenako tsiku, monga 2024-03-09, kuti mukawasanja asanjike molondola.

Pa kamangidwe ka zenera, musayembekezere kukoka mabatani ndi mbewa n'kuwaika pomwe mukufuna. Zimenezo zili mu Qt Designer kapena mu Visual Studio kwa olemba Windows Forms. Mu Thonny chilichonse mulemba ndi manja, `grid` ndi `pack`, ndipo mudzamva nokha kuti ziwirizi sizisakanizidwa mu chidebe chimodzi. Ine sindiona ngati n'chilema kwa wophunzira, koma amene akufuna fomu ya mabokosi makumi atatu mawa m'mawa adzatopa. Git, yosunga mbiri ya kusintha kwa khodi, nayonso mulibe, ndipo mafayilo akachuluka n'kuyamba kuitanana, mudzayamba kusirira PyCharm kapena VS Code.

Chimene ndimachenjeza kwambiri chili kumapeto kwa ntchito, pomwe munthu akufuna kupatsa mnzake pulogalamu yake. PyInstaller, imene imasandutsa khodi kukhala fayilo ya .exe, imaikika mosavuta kudzera pa Tools, Manage packages, ndipo lamulo lake mumalilemba pa Open system shell. Dziwani kuti fayilo ya .exe imapangidwira pa Windows, simungaipangire pa Linux. Koma msampha weniweni ndi ufulu umene Thonny inakuzolowezani. Mukadina F5, iyo imayamba yalowa mu foda imene muli khodi yanu (mukayang'ana mu Shell nthawi zina muona `%cd` isanafike `%Run`), choncho `connect("mabuku.db")` nthawi zonse imapeza fayilo yoyenera. Kunja kwa Thonny palibe wokuchitirani zimenezo. Pulogalamu ikayambira mu foda ina, SQLite sidandaula kuti fayilo kulibe, imangopanga yatsopano yopanda kanthu, kenako mumalandira `no such table`. Ena pothawa zimenezi amagwiritsa ntchito `__file__`, osadziwa kuti ndi `--onefile` (yoika zonse mu fayilo imodzi) pulogalamu imadzimasulira mu foda yongoyembekezera imene imafufutidwa ikatsekedwa, deta n'kupita nayo limodzi. Ndipo ngati munaika `--windowed`, Shell ija kulibenso, ndiye cholakwika cha m'batani palibe pochionera.

Zothetsera zake si zovuta, kungoti Thonny sikukumbutsani. Fayilo ya deta iikeni pamalo okhazikika, mwachitsanzo mu foda ya pansi pa `Path.home()`. Pulogalamu ikamayamba izichita `CREATE TABLE IF NOT EXISTS`. Function iliyonse yosunga ikhale ndi `try` ndi `messagebox.showerror` kuti wogwiritsa ntchito aone chavuta. Ine ndimalembetsa zitatuzi tsiku lomwelo limene munthu wayamba `sqlite3`, debugger idakalipo yomuonetsa chimene mzere uliwonse ukuchita, ndipo .exe yoyamba timakaiyesa pa kompyuta ina imene sinaikidwepo Python.