Casio fx-991ES PLUS: Yabwino pa Ziwerengero, Koma Batani la Peresenti Limasocheretsa

Kwa munthu amene amakonza mashifiti a antchito, malipiro kapena miyeso ya denga, kakyuleta iyi ndi yoyenera kugula. Imapezeka m'mashopu a mabuku mu Cairo Road ndi ku Kamwala, ku Lusaka. Imayendera dzuwa ndi kabatire ka LR44, choncho magetsi akazima ntchito siima.

Vuto lake lalikulu ndi batani la %. Ambiri anazolowera kakyuleta ya m'golosale imene imawonjezera yokha. Iyi ayi. Mukalemba 500 + 16% kuti muike msonkho wa VAT, imakupatsani 500.16, chifukwa batanilo limangogawa 16 ndi 100. Lembani 500 × 1.16, mupeza K580. Pochotsa msonkho pa mtengo wa K1,160, gawani ndi 1.16 kuti mupeze K1,000. Mukachotsa 16 peresenti pa 1,160 mupeza K974.40, ndipo mabuku anu sadzagwirizana ndi a ZRA, bungwe lotolera misonkho ku Zambia. Ndalama ya penshoni ya NAPSA imene wantchito amadulidwa, 5 peresenti ya malipiro, muichulukitse ndi 0.05 basi.

Powerengera antchito, diso likhale pa yankho. Kauntala yotsegula usana ndi usiku imafuna maola 168 pa sabata, pomwe lamulo la ntchito la 2019 limaika maola 48 pa munthu. 168 ÷ 48 imatuluka 7/2. Dinani S⇔D muone 3.5. Amenewo ndi anthu 4, musanaganizire tchuthi cha masiku 2 pa mwezi ndi odwala. Musaike Fix 0, yobisa madesimali onse, pa ntchito yotere, chifukwa yankho la 3.4 lidzaoneka 3, shifiti ina n'kusowa munthu.

Kumene imandisangalatsa kwambiri ndi ku STAT, gawo la ziwerengero. Dinani MODE, 3, kenako 1, mulowetse manambala. Ngati malipiro amodzi akubwerezabwereza, tsegulani danga la FREQ, lolembamo kangati nambala yabwerezedwa: SHIFT, MODE, muvi wopita pansi, 4, 1. Mukamaliza dinani AC, SHIFT, 1, 4, ndipo avereji ili pa 2. Pa 3 ndi 4 pali muyeso wa mmene manambala atalikirana ndi avereji (standard deviation). Pa 3 pali σx, ya pamene mwawerenga antchito onse. Pa 4 pali sx, ya pamene mwangotengako ochepa. Kusokoneza ziwirizi kumadyetsa ana a Giredi 12 mamakisi. Dziwaninso kuti imalandira mizere 80 yokha, kapena 40 FREQ ikakhala yotsegula, ndipo mukasintha MODE zonse munalowetsa zimafufutika. Kampani ya anthu mazana ipite ku Excel.

Poyesa denga, kalipentala agwiritse Pol, imene ili pa SHIFT ndi +. Nyumba ya mamita 6 m'lifupi, denga lokwera mita 1.5: lowetsani 3 (theka la 6) ndi 1.5, ikupatsani kutalika kwa phaso, 3.35, ndi kupendekeka kwa madigiri 26.57 nthawi imodzi. Mukaona 0.46 m'malo mwake, ndiye kuti ili pa Rad, muyeso wina wa kupendekeka osati madigiri. SHIFT, MODE, 3 ikubwezerani ku madigiri.

Zachinyengo zilipo pamsika. Musanalipire, dinani mabatani onse muone ngati sakukakamira, yang'anani sikirini cha m'mbali ngati manambala akuonekabe bwino, ndipo pemphani lisiti. Yogula kwa munthu wina muyambe mwaifufuta ndi SHIFT, 9, 3, =, kuti zimene mwini wake anasintha zichoke.