Ndemanga: makina ophulitsira mbuliwuli ndi mpweya wotentha, kwa ofuna chogwiriza m'mimba masana

Makinawa tikuwapatsa nyenyezi 4 mwa 5. Ndi aja ang'onoang'ono a pulasitiki, a mphamvu ya 1200 W, amene amaphulitsa chimanga ndi mpweya wotentha okha popanda mafuta. Tawagwiritsa ntchito kwa miyezi ingapo pofuna chinthu chimodzi: chakudya chopepuka cholowa m'chikwama, choti munthu adye cha m'ma 3 koloko pamene nsima ya masana yatsika ndipo fungo la mandasi ndi chipisi cha pachiwaya layamba kukopa. Ntchito imeneyi amaigwira bwino. Koma ogula adziwiretu kuti mbuliwuli zokha sizimufikitsa munthu pa chakudya chamadzulo, ndipo makinawa ali ndi timakhalidwe tina tofunika kutizolowera.

M'bokosi mumapezeka zinthu zitatu. Choyamba ndi thunthu lokhala ndi fani komanso waya wotenthetsa pansi pa kachitini kachitsulo momwe mumathira chimanga. Chachiwiri ndi chivindikiro choonekera mkati chokhala ndi mlomo wotulutsira mbuliwuli. Chachitatu ndi kakapu koyezera, kamene kamatsekanso bowo la pamwamba. Musanalipire, tsegulani bokosi muone pulagi. Ambiri obwera kuchokera ku South Africa amakhala ndi pulagi ya mano atatu obulungira, ena ya mano awiri, pamene masoketi a kuno kwathu ndi a mano atatu amakona. Adaputa yotchipa imatentha ndi kusungunuka ikanyamula 1200 W, choncho ndi bwino kungosinthitsa pulagiyo kwa wodziwa zamagetsi. Onetsetsaninso kuti palembedwa 220 mpaka 240 V, chifukwa makina opangidwira msika wa ku America ndi a 120 V ndipo amapsa mukangowalumikiza.

Kagwiritsidwe kake n'kosavuta. Yatsani makina ali opanda kanthu kwa theka la mphindi kuti atenthe, zimitsani, thirani kakapu kamodzi ka chimanga kosasefukira, vindikirani, ikani beseni lakuya pansi pa mlomo, yatsaninso. Njere zimayamba kuzungulira, ndipo pakatha mphindi imodzi kapena kuposerapo pang'ono zimayamba kuphulika. Zonse zimatha m'mphindi zitatu. Mukamva kuti pakudutsa masekondi awiri kapena atatu popanda kuphulika, zimitsani. Mukathira chimanga chopitirira kakapu, mpweya umalephera kuchitembenuza, zapansi zimapserera zapamwamba zisanatenthe. Mukathira chochepa kwambiri, njere zimauluka ndi kutuluka zisanaphulike, zili zotentha kwambiri. N'chifukwa chake beseni liyenera kukhala lakuya, ndipo ana asaime kutsogolo kwa mlomowo.

Magetsi amadya ochepa. Mphindi zitatu pa 1200 W ndi 0.06 ya yuniti, kutanthauza kuti yuniti imodzi imaphulitsa maulendo pafupifupi 16. Chovuta n'chakuti mphamvu imeneyi amaikoka nthawi imodzi, kotero sola yaing'ono yapanyumba siingawayendetse. Magetsi akazima, mubwerere ku poto.

Pa nkhani ya makalori, omwe ndi muyezo wa mphamvu yochokera ku chakudya, ndi pamene makinawa amabweza ndalama zanu. Mbuliwuli zophulitsidwa ndi mpweya zili ndi makalori pafupifupi 387 pa magalamu 100. Chiwerengerochi chikuoneka chachikulu, koma magalamu 100 a mbuliwuli ndi beseni lathunthu. Kapu imodzi imalemera magalamu 8 okha ndipo ili ndi makalori 31. Makapu atatu, amene ndi muyezo wabwino wonyamula, amakupatsani makalori osapitirira 100, ndipo amachokera ku magalamu 30 a chimanga chosaphulitsa. Paketi ya magalamu 500 imatulutsa miyezo yotere 16, ndiye kuti masiku a ntchito a masabata atatu ndi tsiku limodzi. Tsono yerekezani ndi mafuta ophikira: supuni yaikulu imodzi ili ndi makalori pafupifupi 120, kuposa mbuliwuli zonse za m'makapu atatu aja. Mbuliwuli za m'mapaketi zogulitsa pamsewu ndi m'masitolo nthawi zambiri zimaphulitsidwa m'mafuta, zina n'kuthiridwanso shuga, ndiye phindu lonse limathera pamenepo. Ndasi limodzi lalikulu limatha kupitirira makalori 200, ndipo limatha m'kamwa musanazindikire, pamene makapu atatu a mbuliwuli mumatafuna kwa mphindi khumi kapena kuposerapo.

Kutafuna nthawi yaitaliko ndi kuchuluka kwake m'maso n'kumene kumanyenga m'mimba. Komanso mbuliwuli ndi chimanga chathunthu ngati mgaiwa, gaga wake ndi mtima wake zili momwemo. Mu 1995 ofufuza a ku University of Sydney motsogoleredwa ndi Susanna Holt anayerekeza mmene zakudya zosiyanasiyana zimakhutitsira munthu akadya muyezo wa makalori ofanana, buledi woyera atamuika pa 100. Mbuliwuli zinapeza 154, mazira 150, mtedza 84, madonati 68, ndipo mbatata ya kachewere yowiritsa inaposa zonse ndi 323. Kumbukirani kuti iwo ankadyetsa makalori 240, osati 100 amene tikunena pano.

Apa ndiye pagona nkhani. Makapu atatu aja ali ndi zomanga thupi zokwana magalamu atatu okha. Amatseka pakamwa ndi kukhazika mtima pansi kwa ola limodzi kapena ola ndi theka, kenako njala imabwerera. Munthu woweruka 5 koloko n'kukhala ola lina pa mzere wa minibasi amafika kunyumba ali ndi njala yoopsa, ndipo mapeto ake amadya mitanda ya nsima yochuluka kuposa masiku onse. Mankhwala ake n'kuphatikiza ndi chakudya chomanga thupi. Dzira limodzi lowiritsa lili ndi makalori pafupifupi 78 ndi zomanga thupi magalamu 6. Mukaliphatikiza ndi mbuliwuli zija mwadya makalori osapitirira 180, ndipo m'mimba mumakhala zii mpaka madzulo. Dziralo linyamulidwe ndi chikamba chake, lisendedwe pa nthawi yodya, ndipo nyengo yotentha ya Okutobala lisakhalitse m'chikwama. Ngati kuntchito kuli firiji, liikeni mmenemo mukangofika.

Amene sakonda fungo la dzira mu ofesi angagwiritse ntchito mtedza wokazinga, koma apa pakufunika sikelo. Mtedza uli ndi makalori oyandikira 590 pa magalamu 100. Magalamu 15, amene ndi kadzanja kosadzaza, ali kale pafupi ndi 90. Anthu ambiri ochepetsa thupi amagwa pa mtedza, chifukwa amautenga ngati chakudya chopepuka n'kumangotapa m'thumba mpaka kumaliza magalamu 100. Yezani m'mawa, thirani m'chotengera chimodzi ndi mbuliwuli, thumba lalikulu lisiyeni kunyumba. Sankhani bwino mtedzawo, wofota, wothimbirira ndi wowawa mutaye chifukwa cha chuku. Soya wokazinga ndi wabwinonso, ali ndi zomanga thupi zambiri kuposa mtedza ndi mafuta ochepa, kungoti ndi wolimba kwa a mano ofooka.

Cholakwika chachikulu cha mbuliwuli za m'makinawa ndi kakomedwe kake. Zimatuluka zouma gwa, ndipo mchere sugwira. Mukawaza mchere wamba umangodutsa n'kukadikha pansi pa beseni. Pali njira ziwiri zimene zimathandiza. Yoyamba, sinjani mchere mpaka usalale ngati ufa, chifukwa wosalala umakanirira m'mipata ya mbuliwuli. Yachiwiri, wazani timadontho ta madzi a mandimu ndi kabotolo kopopera zikadali zotentha, kawiri kapena katatu kokha, thirani mcherewo, vindikirani beseni ndi mbale n'kukhutchumula. Mukachulutsa madzi zimafota nthawi yomweyo ndipo sizibwereranso. Tsabola wa kambuzi wouma wosinja kapena ufa wa adyo amapangitsa kuti mchere wochepa ukwanire. Kambirimbiri katsine kamodzi ka mchere ndi kokwanira pa makapu atatu. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndipo wambiri mwa umenewu umakhala utalowa kale m'ndiwo, choncho a vuto la kuthamanga kwa magazi asaone ngati mbuliwuli ndi malo owonjezerapo. Kakapu ka pamwamba kaja akuti n'kosungunuliranso majarini pamene makina akuyenda. Kamasungunuladi, koma ngati cholinga n'kuchepetsa makalori kasiyeni kopanda kanthu. Ndipo musathire mafuta, majarini kapena shuga mkati mwa kachitini. Zimayenderera kukafika pa waya wotenthetsa, zimatulutsa utsi, ndipo zitha kuyatsa moto.

Anthu ambiri amadandaula kuti makina akusiya njere zosaphulika, pamene vuto lili ku chimanga. Njere ya mbuliwuli imaphulika chifukwa madzi a mkati mwake amasanduka nthunzi, khungu lake lolimba n'kuitsekera mpaka kutentha kufike pafupifupi madigiri 180, pamenepo khungulo limang'ambika ndipo zamkati zimafufuma. Kuti izi zitheke pamafunika chinyezi cha pafupifupi 14 peresenti ndi khungu losabooka. Chimanga chokhalitsa m'paketi yotsegula chimauma, ndipo chimaphulika timbuliwuli tating'ono tolimba. Chimene chalowa anankafumbwe sichiphulika n'komwe, chifukwa nthunzi imathawira pa bowolo. Chikauma, thirani magalamu 250 m'botolo lagalasi lotseka bwino, onjezerani supuni yaing'ono imodzi ya madzi, khutchumulani kangapo mpaka madziwo alowerere, siyani masiku awiri kapena atatu. Musachisunge m'firiji, mumaumitsa. Chikakhala chabwino, zotsala pa kakapu kamodzi siziyenera kupitirira supuni imodzi, ndipo zambiri mwa izo zimaphulika mukazibwezera pamodzi ndi ulendo wotsatira.

Chimanga chathu cha m'munda, kaya chamakolo kaya cha haibulidi, musachiyese m'makinawa. Mbuliwuli ndi mtundu wakewake wa njere zing'onozing'ono zolimba. Chimanga wamba chimangopserera, mwina kung'aluka pang'ono, ndipo malo ake ndi pa phale pokazinga. Mbewu yodzala yopakidwa mankhwala a utoto siyodya ngakhale mutaitsuka.

Kanyamulidwe nakonso kali ndi luso lake. Zisiyeni zizizire kwa mphindi zisanu musanatseke, apo ayi nthunzi imatsekeredwa ndipo pofika masana zimakhala zofewa ngati thonje. Kabokosi ka pulasitiki kolimba ka lita imodzi kamakwana makapu atatu ndi mtedza uja, ndipo kamateteza kuti zisaphwanyike mukapanikizana m'minibasi. M'kajumbo zimanyenyeka. M'kabokosi kotseka bwino zimakhala masiku atatu kapena anayi nthawi ya chilimwe, koma nthawi ya dzinja, makamaka kunyanja ndi ku Shire kumunsi, zimalowa mphepo tsiku lomwelo ngati chivindikiro sichigwira. Zothira mandimu zidyedwe tsiku lomwelo. Nyamulaninso botolo la madzi, chifukwa zimaumitsa kukhosi, ndipo ludzu limenelo likakugwirani mulibe madzi mumagula chakumwa chotsekemera, chimene shuga wake angapose makalori a mbuliwuli zonse.

Nyenyezi imodzi ija yachotsedwa pa zifukwa izi. Makinawa amasokosera ngati choumitsira tsitsi cha ku saluni, ndiye si oyatsa 5 koloko m'mawa ena akugona. Chivindikiro chimatentha kwambiri, chigwireni ndi kansalu. Safuna kuyendetsedwa mosalekeza: mukamaliza ulendo umodzi apumitseni mphindi khumi, chifukwa mukaumiriza amazima okha kapena pulasitiki ya pafupi ndi kachitini imayamba kupindika. Chingwe chake n'chachifupi. Kutsuka kokha n'kosavuta, popeza mulibe mafuta. Chivindikiro ndi kakapu zimatsukidwa ndi sopo, thunthu limangopukutidwa ndi kansalu kouma likazizira, osaliviika m'madzi.

Pali anthu ena ofunika kusamala. Ana osakwana zaka zinayi asapatsidwe mbuliwuli, amatsamwa nazo. Njere yosaphulika imathyola dzino, choncho gwedezani beseni kuti zolemerazo zitsikire pansi ndipo mutape zapamwamba zokha ponyamula. Timakoko take timakanirira m'nkhama, zomwe zimavutitsa ovala mano oikirira. Odwala matenda a shuga akumbukire kuti ichi ndi chimanga ndithu: makapu atatu ali ndi makabohaidireti (makamaka sitachi) oyandikira magalamu 19, ndiye awawerengere pamodzi ndi zakudya zina za tsikulo.

Kodi n'koyenera kugula? Ngati mudzaphulitsa kanayi kapena kasanu pa sabata ndipo muli ndi magetsi, inde. Ngati n'kamodzikamodzi, poto wa pansi pokhuthala ndi chivindikiro chake akukwanira. Thirani supuni yaing'ono imodzi ya mafuta, imene ndi makalori 40, ponyanimo njere zitatu, ndipo zikaphulika thirani magalamu 60 a chimanga n'kumagwedeza potoyo pa moto wapakatikati, chivindikiro chili chotsegula pang'ono kuti nthunzi izituluka. Mupeza miyezo iwiri yonyamula, uliwonse wowonjezera makalori 20 okha poyerekeza ndi za m'makina, ndipo mchere umagwira bwino chifukwa cha mafutawo.